Mfundo za Udzu pa Phiri la Michiru

Chifunga chinawapeza ali pamwamba penipeni pa phiri la Michiru, akudya masikono. Phoebe ndiye anayamba kuchiona. Chinatulukira cha ku Soche, n'kumeza Ndirande, n'kumeza tauni, kenaka malata a ku Chilomoni amene ankalozerana posachedwa nawonso anazimirira.

"Bambo a Joan, taonani uko. Tiyeni tizitsika."

"Mwayambanso!" anaseka mwamuna wake Blackson. "Chiyambire m'mawa: njoka, afisi, tsopano mtambo."

Unali mwezi wa Julaye 1979, zikondwerero za ufulu zitangotha. Ulendowu anaukonza ndi Lucius, mng'ono wake wa Blackson. Anatengananso ndi Mayi Petronela, namwino wa nyumba yoyandikana nayo, amene anakwerapo Mulanje kangapo. Iwo anali atalangiza kuti mwana atsale kwa apongozi, koma Phoebe sankasiyira munthu aliyense Joan wake, khanda longoyamba kumene kukhala pansi. Anamubereka.

Pokwera panali chisangalalo chokhachokha. Ankaimba, ankathamangitsana, nsapato za sofiya za Phoebe zikuterereka pa miyala, iye akukuwa n'kumasekanso. Lucius ankatsogola, ndipo paliponse pamene njira yagawikana ankagwira udzu wautali n'kuumanga mfundo.

"Alamu, mantha achepe," ankatero. "Pobwerera tidzangowerenga mfundozi ngati nyuzipepala."

Tsopano chiperoni chinafika ndi mphepo yake ndi mvula yamawawa. Munthu ukatambasula mkono, zala zinkaoneka mwachizimezime.

"Tikhale kaye kuseri kwa mwala uwu," anatero Mayi Petronela. "Mwina chingang'ambike."

"A Sisita, tikakhala pano tiuma ngati usipa!" anatero Lucius. "Mfundo yanga iyi. Ina iyo! Nditsateni!"

Anatsika mothamanga, Lucius akufuula nthawi iliyonse akapeza mfundo, Blackson akumuyankha ndi likhweru. Mfundo zinkapezeka msangamsanga moti amunawo anayamba kupikisana kuti aiona woyamba ndani. Phoebe yekha sankaseka. Pokwera paja sankaona mfundo zambiri chonchi. Anawerama n'kuyang'anitsitsa imodzi. Inali yakuda, yophwatalala, ndipo kangaude anali atalukapo kale ukonde wodzaza zinyalala zouma.

"Imani! Alamu, kangaude uyu waluka liti?"

Mayi Petronela anagwada n'kupapasa pansi. Panali zitsa za udzu womwetedwa ndi chikwakwa.

"Izi si zanu, a Lucius. Ino ndi nyengo yomweta udzu wofolera. Amayi amamanga mfundo kuti anzawo adziwe kuti malowo ali ndi mwini. Phiri lonseli ladzaza mfundo. Tikamatsata izi titulukira kuseri, ndipo kumeneko kuli maphompho."

Lucius anawerama n'kuiyang'ananso mfundoyo.

Pamenepo Phoebe anazindikira china choopsa. Joan, amene ankalira njira yonse yotsika, anali atangoti zii. Anamutembenuzira kutsogolo. Chitenje chinali chitanyoweratu, timanja titazizira ngati mpope wa m'mawa, thupi lili lobodo.

"A Sisita, mwana wanga! Sakulira!"

"Ndili ndi kabulande m'thumbamu," anatero Lucius. "Kadontho kamodzi pa lilime, atenthedwa pompano."

"Kabulande kanuko kabwezeni kumene kachokera!" anakalipa Mayi Petronela. "Mowa umanamiza khungu, mkati thupi likuzizirabe. Mayi a Joan, muvuleni zonyowazo, zonse. Muikeni pachifuwa panu, khungu kukhudza khungu. A Blackson, vulani juzi ndi chipewa, mufunditse onse awiri, ndipo muime mbali yochokera mphepo. Akangogwedezeka, mumuyamwitse."

Blackson anatsala ndi malaya okha, mano akugundana. Nthabwala zinali zitamuthera.

"Tsopano njira," anapitiriza namwinoyo. "Tibwerera chokwera mpaka tipeze mfundo yomangidwa lero. Koma sitiyenda chimbalalika. Ife tiima pamodzi. A Lucius, inu mukafufuze, koma musapitirire pamene mawu athu akufika. Mukapeza, muitane, ife tibwere. Mukapanda kupeza, mubwerere kuno."

Anayamba kukwera motero. Lucius ankalowa m'chifunga n'kuzimirira.

"Alamu!"

"Ndili pano!"

"Mwapeza?"

"Ya eni ake iyi!"

Anabwerera, n'kuyesa mbali ina. Phoebe ankamvetsera ziwiri nthawi imodzi: mawu a mlamu wake kutali, ndi kampweya ka Joan pachifuwa. Kenaka anamva kakamwa kakufufuza bere. Kanagwira, mofooka poyamba, kenaka mwamphamvu.

"Akuyamwa! Bambo a Joan, akuyamwa!"

Nthawi yomweyo Lucius anakuwa chakumanzere: "Iyi ndi yanga! Udzu wake ukadali wauwisi pothyokapo! Ndipo pali phazi la sofiya m'matope!"

"Sofiya wa mkazi wanga ameneyo!" anafuula Blackson, akudumpha ngati wagoletsa chigoli.

Anatsika pang'onopang'ono, mfundo iliyonse Phoebe akuiyendera kaye asanalole kuti apitirire, ndipo palibe anamunenanso zamantha. Atafika pamene mitengo ya bulugama imayambira, chifunga chinatsala pamwamba pawo ngati denga. Pansi panaoneka Chilomoni yense, utsi wa mbaula, ana akusewera mpira wachikulunga. Joan anatulutsa kulira kwakukulu, ndipo anthu akuluakulu anayi anaseka mpaka misozi.

M'mawa mwake mwanayo anadzuka ndi chifuwa komanso kupuma mothamanga. Mayi Petronela sanalole kudikira. Anapita naye kuchipatala, kumene anapeza kuti chibayo chinali chikuyamba kumene. Joan analandira jakisoni ndipo anachira.

Lucius anabwera kudzazonda atanyamula kachipewa kaubweya. Anaima pakhomo, akuchita manyazi kulowa.

"Alamu, ndinakusocheretsani."

"Inu munatisocheretsa," anayankha Phoebe, akumuveka Joan kachipewako. "Koma amene anakwera naye phiri mu Julaye ndine. Lowani, tiyi akuzizira."

Phunziro: Phiri la pafupi ndi kwanu ndi phiri ndithu. M'nyengo yozizira musakwere ndi khanda, ndipo nyamulani zofunda zouma. Chizindikiro cha njira chikhale chosiyana ndi cha anthu ena. Chifunga chikakupezani musathamange kapena kubalalika. Mwana akazizidwa mpaka kusiya kulira, muvuleni zonyowa, mumuike pachifuwa, mumuyamwitse, osamupatsa mowa, ndipo mufulumire naye kuchipatala.