Mtengo wa Mango Kuseri kwa Mpanda

Nesi anakula akudziwa kuti iye ndiye mwana woyamba, ndipo ukuluwo ankaudyerera mokwanira polamula azing'ono ake. Ndiye tangoganizani, munthu wa zaka makumi anayi ndi zisanu, imvi zitayamba kale kusuzumira, bambo ake, amene anthu ankangowatchula Atelala, n'kumuuza Lachitatu masana, uku akusoka zipi ya buluku la mwini, kuti kunali wina patsogolo pake. Mwana wamwamuna. Anangokhala miyezi isanu, ndipo anamuika kumudzi wakale, komwe tsopano kuli paki yosungirako nyama zakutchire. Anthu atasamutsidwa, manda anatsala komweko.

"Ndinadzala mango pamanda pakepo," anatero Atelala, maso ali pa singano. "Undiperekeze ndikaone, miyendoyi isanandikanire."

Miyendoyo inali itayamba kale kukana. Nesi ankaidziwa bwino nthenda imene inkatupitsa mapazi a bambo ake, ndipo ankadziwanso kuti ulendo wachiwiri sudzakhalapo.

Ananyamuka Loweruka m'mawa pa kagalimoto kake kokhosomola. Timatauni tam'njira tinali ngati ana a mimba imodzi: chigayo, sitolo ya zitsulo, malo omwetsera mafuta, mbuzi itagona pakati pa msewu. Atelala ankangoona zovala za anthu. "Taona jekete ilo. Analisoka ndi mano kodi?" Nesi sanaseke. Mtima wake unali ukuwira chinyamukireni.

Pa tauni yachitatu tayala linaphwa. Atakhala pa benchi kudikira womata matayala, mkwiyo uja unatulukira pakamwa.

"Bambo, zaka zonsezi osandiuza? Amayi mpaka kumwalira osatchulako n'kamodzi komwe. Ine ndinali ndani pakhomo paja, mlendo?"

"Amayi ako akangomukumbukira ankagona masiku awiri osadya. Ndiye tinatseka pakamwa. Pakamwa pakatsekeka nthawi yaitali pamachita dzimbiri, mwanangu."

"Nanga mukakapeza mtengowo kulibe?"

"Mango safa wamba. Iwe yendetsa galimoto basi."

Anagona pa nyumba ya alendo pafupi ndi geti la mpanda wa paki, ndipo Lamulungu dzuwa likutuluka analowa m'paki. Pagetipo anawapatsa mlonda wa mfuti kuti awaperekeze, bambo wansangala, wa pakamwa posapuma. Asanakhazikike n'komwe pa mpando wakumbuyo anayamba ndi lamulo: "Muno palibe kutsika m'galimoto, olo mkodzo utavuta bwanji. Njati sizifunsa kuti ndinu ndani."

Kukongola kwake kunali kosayamba. Mapiri anali atafunda nkhungu, chigwa chitayalika mpaka posafika maso, mbidzi zikudya msipu mosatekeseka. Mlonda ankaloza uku ndi uku, kutchula nyama iliyonse ngati m'bale wake. Atelala sanacheukeko. Njovu zinadutsa pafupi ndithu, iwo akungosakasaka phiri la mwala wong'ambika pakati.

"Apo! Khotera kumanzere. Kutsogoloku kuli kamtsinje."

Mlonda anadabwa. "Kodi bambo munabwerako kuno?"

"Ndinabadwira kuno."

Kamtsinje kanalipodi. Anawoloka, n'kutulukira pa malo aakulu athyathyathya, udzu wokhawokha wofika m'chiuno. Atelala anatsitsa galasi. Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, anapukuta magalasi awo a m'maso ndi kumunsi kwa malaya, n'kuyang'ananso.

"Pano panali mitengo ya mango," anatero chapansipansi.

"Eeh, yambirimbiri!" anayankha mlonda, atasangalala kuti wapeza nkhani. "Tinadula yonse chaka chathachi. Si mitengo ya m'tchire imeneyo, inkalanda malo mitengo yachilengedwe, komanso anyani ankangodzazana pano. Ndi zitsa zomwe tinazula. Ine ndekha ndinagwetsa khumi ndi iwiri, manja mpaka matuza. Panali wina waukulu, eti, unatidyera tsiku lonse."

Nesi anazimitsa injini. Ankafuna kumulalatira munthuyo, kumutukwana mpaka mfuti yake ichite manyazi, koma akanamutukwana chiyani? Anagwira ntchito imene anamutuma. Nesi anangotembenuka n'kumuuza kuti pansi pa umodzi mwa mitengoyo panagona mlongo wake, ndipo mtengowo ndiwo unali chizindikiro chokhacho.

Mlonda anavula chipewa. Anatsika yekha ndi mfuti yake, n'kuzungulira galimoto akuunguza m'udzumo, kenaka anabwera pa windo la Atelala.

"Bambo, pepani, sindimadziwa. Tsikani. Ndikupatsani mphindi zisanu, zikavuta ndikayankha ndine."

Nesi anathamangira mbali inayo n'kutsegula chitseko. Mantha anali atamugwira, osati a njati ayi, koma oti bambo ake amufunsa kuti ayambire pati, iye wopanda yankho.

"Mwina mukumbuka, bambo. Kuchokera pamtsinje anali mapazi angati? Tiyenda limodzi, ndikugwirani."

Atelala anasendera kukhomo. Anatulutsa phazi lawo lotupa, lovala nsapato yong'amba dala pamwamba kuti likwane, ndipo linalendewera pamwamba pa udzu. Anayang'ana malo onsewo, opanda chulu, opanda mwala, paliponse pofanana. Phazi lija linangokhala m'malere kwa nthawi yaitali. Kenaka analigwira ndi manja onse awiri n'kulibweza m'galimoto.

"Bambo, nthawi ikutha," anatero Nesi, misozi ikutsika.

"Tseka chitseko, mwanangu," anatero Atelala. "Ndingamuponde."