Dothi Lomwe Linamwa Chicha

Nyali ya makina itayaka yobiriwira, Nélida Huamaní anaganiza kuti dzuwa likumusewera m'maso. Anaitchinga ndi chipewa n'kuyang'ananso. Inali yobiriwira ndithu.

Makinawo anawapanga iye ndi anzake a ku yunivesite ya ku Arequipa: kangolo ka matayala, kokhala ndi choboolera pansi, kotha kununkhiza ngati m'dothi muli chamoyo. Anabwera nako kuchipululu kuno chifukwa dothi lake ndi louma ndi lamchere ngati la ku Mars. Mayi Zevallos, amene anatumidwa kudzasankha makina oti adzakwere chombo chopita kumeneko, anali atanena kale kuti mawa akubwerera kwawo. Chifikireni, kangoloko kanali kasanapeze kanthu, moti palibe ankadziwa ngati dothi ndilo linali lakufa kapena makina ndiwo anali mbuli. Anzake a Nélida anali atayamba kukatcha mphaka wosagwira khoswe.

Ndiye nyali ija inautsa chimwemwe chodzaza tsaya. Anthu ophunzira anadumphadumpha ngati ana a sukulu, ndipo mayi Zevallos, amene mano awo anali asanaonekepo, anamukumbatira Nélida.

Bambo ake a Nélida, a Eleuterio, anali atatsika kumapiri dzulo lake ndi lole ya madzi ndi mbatata za kachewere. Phokoso linawapeza akukazinga chimanga. Anathamanga chiwaya chili m'manja n'kuvina kuposa aliyense, ndipo za chimene ankavinira anafunsa atatopa. Atamva kuti makina apeza chamoyo pafupi ndi mwala wina wakuda, anadziguguda pachifuwa.

"Sindinanene ine? Kupatsa n'kuika, mwanangu. Nthawi yonseyi mwakhala mukumuboola Mayi Nthaka osampatsa ngakhale kakukhosi. Kwathu tingakumbe mbatata choncho? Lero m'mawa ndamuthirira chicha pamwala pomwepo."

Chicha ndi mowa wa chimanga, ndipo umawira chifukwa muli tizamoyo tosawerengeka. Malo amene anathirapowo anali m'kati mwa chingwe chotchinga malo ofufuzira, mosaloledwa kuponda munthu wosavala zovala zoyera zotchinga tizilombo.

Nélida anamva manyazi ndi mkwiyo nthawi imodzi. Ntchito ya zaka zambiri inali itamira m'mowa wa bambo ake, pamaso pa mlendo. Koma a Eleuterio anali akumwetulirabe, kudikira kuyamikidwa.

"Bambo, mwandiphera ntchito," anatero motsitsa mawu. "Chamoyo chapezekachi ndi mowa wanu."

Kumwetulira kuja kunatha. Anatula chiwaya pansi n'kunena kuti iwo amati akuthandiza, poona kuti mwana wawo sakudya chifukwa cha nkhawa.

Mayi Zevallos anafunsa kuchuluka kwa chicha chimene anathira. A Eleuterio anayankha kuti kachivindikiro ka botolo kokha, poti Mayi Nthaka sachedwa kukhuta, ndipo chotsalacho anamuthandiza iwo. Mayiwo anaseka mpaka kukhala pa chigubu cha madzi.

"Za chamoyo cha m'chipululu tiiwale," anatero akupukuta misozi. "Koma iwe Nélida, taganiza. Kachivindikiro kamodzi, kowotchedwa ndi dzuwa ili kuyambira m'mawa, ndipo mphaka wakoyu wanunkhiza. Ndiye kuti mphuno ali nayo."

Komabe anati kamodzi n'kamwayi. Ulendo wawo anauimitsa, n'kulamula kuti a Eleuterio akathire chicha kuseri kwa chitunda, pamalo angapo osadziwa wina aliyense. Makina akawapeza onse, adzakwera chombo.

A Eleuterio anakana. Anati nsembe si nyambo, ndipo Mayi Nthaka sasewera naye chibisaliro. Nélida anawagwira mkono n'kuwachonderera ngati mmene ankachitira ali mwana akafuna kukwera nawo lole.

"Chabwino," anavomera potsiriza. "Koma athire amayiwa ndi dzanja lawo, chipewa atavula, n'kupempha bwinobwino. Si ndi amene akutumiza khasu m'munda wa eni?"

Mayi Zevallos anavula chipewa. Awiriwo anazimirira kuseri kwa chitunda ndi botolo lina, ndipo anabwerako akuseka, botolo lili lopepuka kuposa mmene ntchitoyo inkafunira.

Kangolo kanayenda masana onse, pang'onopang'ono ngati nkhalamba yotola nkhuni. Kanapeza malo onse. Nyali itayaka komaliza, Nélida anakhala pansi padothi n'kulira ndi chimwemwe, ndipo bambo ake sanadziwe choti amuchitire koma kumupatsa chimanga chokazinga.

Akupakira katundu, a Eleuterio anafunsa kuti nanga ku Mars adzapempha ndani. Nélida anawauza zoona, kuti ngakhale kadontho ka chicha sikangapite, chifukwa makina adzatsukidwa mpaka kusatsala chamoyo chilichonse cha kuno. Bambowo anakayang'ana kangoloko mwachisoni, ngati mwana amene akupita kwa eni chimanjamanja.

Nélida anatsegula kompyuta yake n'kuwonjezera lamulo limodzi: kasanaboole paliponse, kangoloko kaziyamba kaima phee kwa kanthawi, choboolera chili m'mwamba. Mayi Zevallos anasuzumira n'kufunsa kuti kaziimiranji.

"Kuti fumbi lidekhe," anatero Nélida, maso ali kwa bambo ake.

Mayi Zevallos anati ndi nzeru yabwino, ndipo sanafunsenso.