Galimoto Yopanda Mpando Wakumbuyo

Amuna anga a Useni alibe mawu oti "ayi" m'kamwa mwawo. Sindikuwanyoza, ndi mmene Mulungu anawaumbira basi. Ukawapempha malaya akupatsa ndi jekete yomwe, kenako akufunsa ngati uli ndi thiransipoti yobwerera kwanu.

Thiransipotiyo ndiye inali mtanda wanga. Chigulireni seven-seater yathu, Amalawi onse a ku Tyrrelstown anaiwala kuti mu Dublin muli mabasi. Lamulungu kutchalitchi, a Useni. Wina watera ku airport ndi zikwama za usipa ndi mpunga wa Kilombero, a Useni. Mwana wa uje watentha thupi afunika ku chipatala cha ana ku Crumlin, a Useni. Za ana odwala sindidandaula, nanenso ndinabereka. Chimene chinkandiwawa n'chakuti m'galimoto ya banja langa, mpando wakutsogolo sunali wanga. Pankakhala abusa. Abusa akasowa pankakhala a Eston, mkulu wa mpingo wochokera ku Zambia, amene bondo lawo limayamba kuwawa likangoona galimoto yathu. Tsiku lina panakhala chipoto cha nyemba za pa chinkhoswe, atachimanga lamba bwinobwino, pamene ine Ursula, mkazi wa ukwati woyera, ndili kumbuyo kwenikweni, ana a eni akundipaka yogati pa diresi.

Musaganize kuti ndinkalirira mpando ngati mwana. Ine ndimayang'anira nyumba yosamalira okalamba ku Drumcondra, iwo ali ndi kampani yawo yokonza m'maofesi. Wina akamalowa m'nyumba, wina amakhala akutuluka. Malo okhawo amene tikanachezera ngati anthu okwatirana anali m'galimoto, koma m'menemo ine ndinkangoona nkhongo yawo. Nkhongo ya amuna anga ndinafika poidziwa kuposa nkhope.

Ndikadandaula ankati, "Mayi a Wati, kupatsa n'kuika."

"Mwaika zokwanira. Mudzatenga liti?" ndinkawayankha. Iwo amvekere kuseka.

Tsono a Useni ali ndi nthenda imodzi, magalimoto othamanga. Kuyambira kale tikukhala ku hostel, tikudikira mapepala athu okhalira m'dziko muno, ankaima pawindo n'kumatchula maina a magalimoto odutsa ngati akutchula abale awo. Ana atakula, womaliza Watipaso atalowa college, tsiku lina anabwera kukhitchini akuyenda monyang'ama, foni ili m'manja.

"Ingoonani chabe, sindikuti tigule," anatero.

Kanali kagalimoto kaolenji, kafupi ngati kakugwada, kopanda denga. Anandifotokozera kuti kampani yake ikukumbukira zaka zambiri chiyambireni, ndiye yapanga ochepa okha, ndipo Ireland yense alandira five basi. Akatha, atha. Polankhula ankandiyang'ana m'mbali, kudikira kuti ndiwakalipire.

"Mipando ingati?" ndinafunsa.

"Ndiye vuto lake limenelo. Iwiri yokha."

"Kumbuyo kulibe?"

"Kulibe ngakhale poika mwana."

"Valani nsapato," ndinatero, ndikuzimitsa kuka.

Tinapita kwa ogulitsa magalimotowo ku Naas Road. Abale inu, pansi pake pamawala moti ndinafuna kuvula nsapato pakhomo. Anatilandira mtsikana wamtali wa tsitsi lofiira, dzina lake Aoife. Anatiuza kuti galimoto yotereyi sugula ngati tomato. Umalembetsa dzina, n'kudikira kuti akusankhe, kenako n'kudikiranso kuti aipange. Iliyonse imabwera ndi kachitsulo kutsogolo kolembedwa nambala yake, ndipo mwini wake akafuna amalembapo dzina.

A Useni, Mmalawi weniweni, anayamba kunenerera.

"Tichotsereni pang'ono, ndife makasitomala anu a mawa."

Aoife anamwetulira n'kunena kuti pali anthu ambiri amene akudikira kuti ife tikane.

"Nanga basela?" anafunsanso.

Atamumasulira kuti basela ndi kanthu koonjezera kamene wogulitsa amaponyapo, mtsikana uja anaseka mpaka kugwira tebulo. Analonjeza ambulera.

Kenako anatitengera pa galimoto ina yofanana nayo, yongoonetsera. Ndinkayembekeza kuti akhazika a Useni, koma iwo anamunong'oneza kanthu, ndipo Aoife anandiitana ine kuti ndikhale pa chiwongolero. Anasuntha mpando, kundifunsa ngati phazi likufika bwino pa buleki, kundifunsa mtundu wa chikopa umene ndingakonde. Ine ndinangoti ndi nzeru za amalonda, amadziwa kuti ukakondweretsa mkazi chikwama cha mwamuna chimatseguka chokha. Ndinasankha chakuda, n'kupita kukamwa khofi wawo waulere, iwo akumalizitsa zokambirana mu ofesi.

Pobwerera ndinawagwira dzanja. "Bambo a Wati, nkhani iyi isatuluke. Mukauza munthu mmodzi, mwauza Tyrrelstown yense."

"Pakamwa panga ndatseka," anatero.

Anatisankha. Tinadikira chilimwe chonse cha kuno, chija chimangosuzumira n'kuthawa, tinadikiranso nyengo yozizira. Masamba atayamba kuphukanso m'mitengo, Aoife anaimba foni kuti Loweruka m'mawa tikatenge katundu wathu. Ndinakonzetsa tsitsi. Ndinagula magalasi a dzuwa, m'dziko loti dzuwa limabwera ngati mlendo. Mumtima ndinali nditakonza kale ulendo: tikwere mapiri a ku Wicklow awiriwiri, tikadye nkhomaliro, tikambirane ngakhale zopanda pake.

Watipaso anatiperekeza pa seven-seater kuti abwerere nayo kunyumba. Tikulowa pageti, ndinamva nthungululu. Ndinayang'ana kawiri. Pakhomo pa shopu ija panali azimayi a kutchalitchi atavala zitenje, anyamata a kwaya atakweza mafoni, ndipo kutsogolo kwawo a Eston ali mu suti, Baibulo lili m'khwapa, pambali pawo akazi awo a Clotilda.

"Abwera bwanji anthu awa?" ndinafunsa.

"By bus, Mum," anatero Watipaso. Mwana ameneyu Chichewa amamva chonse, koma kuyankha ndi Chingerezi basi.

Ha! Kani basi amaidziwa!

Ndinatembenukira kwa a Useni. Anali akukanda nkhongo ija.

"Anandifunsa a Eston kuti ndikusangalala chiyani masiku ano," anatero motsitsa mawu. "Ndikananama pamaso pa mkulu wa mpingo?"

Tinalowa tonse m'kati. Galimoto inali pakati, ataifunditsa nsalu yakuda. Azungu ena amene ankaona magalimoto awo anasiya zonse n'kumationerera. A Eston anakhosomola, n'kuyamba ndi Chinyanja chawo cha ku Lusaka.

"Ba Useni, motoka yanyowani siyenda chabe. Manje nizankala kusogolo, tipempele mu njila, munisiye ku Crumlin. Na bondo yanga muiziba. Ba Ursula bazabwela na bana mu seven-seater."

Mtima wanga unaphulika. Galimoto ya mipando iwiri, ndaidikira nyengo zonsezi, ndipo munthu akundibwezera kumbuyo kwa galimoto inanso! Watipaso anandigwira mkono. "Mum, breathe."

Ndinafuna ndimve amuna anga. Ndinadziuza kuti akalola lero, ndikwera basi kubwerera kunyumba, ndipo nkhani ya mpando sindidzaitchulanso mpaka imfa. Ndidzakhala nawo, ndidzawaphikira, koma ndidzasiya kupempha malo pambali pawo. Zimenezo zinandiopsa kuposa mkwiyo womwe.

"Aaa, a Eston," anatero a Useni, "pemphero ndi labwino. Ndani angakane pemphero?"

Misozi inafika m'maso. Ndinavala magalasi aja m'nyumba momwemo.

Aoife, wosadziwa kuti pali nkhondo, anawerenga mpaka three n'kukoka nsalu. Mayo ine, kukongola! Kanali kuwala ngati lalanje lakupsa. Nthungululu zinadzaza shopu yonse, anyamata a kwaya anayambitsa nyimbo, ndipo a Eston anayamba kuyenda molunjika chitseko cha kumanzere, bondo litachira.

Pamenepo ndinaona chinthu chimene sindinaonepo chikwatiranireni. A Useni anathamanga. Munthu wamimba yake, wa imvi zake, anadutsa a Eston ngati akuthamangira minibasi yomaliza ya ku Ndirande. Anatsegula chitseko cha kumanzere chija, n'kudzipinda, n'kugwera pa mpando wa wokwera. Lamba kwapu, atamanga.

A Eston anaima kukamwa kuli yasa.

"Ba Useni, mwasoba. Steering ili ku side uku."

"Sindinasochere, akulu," anatero a Useni, akupuma wefuwefu. "Galimoto si yanga iyi. Nanenso ndangopatsidwa lifiti. Funsani eni ake."

Ndisanamvetse, Aoife anali ataima patsogolo panga ndi kabokosi m'manja, ambulera ya basela ili m'khwapa.

"Congratulations, Mrs Kasapo," anatero, n'kundipatsa kiyi.

Ndinasuzumira m'galimoto. Pa kachitsulo kaja, pansi pa nambala, panalembedwa dzina limodzi lokha: Ursula. Mpando wa dalaivala unali utasunthidwa kale kufika pa msinkhu wanga.

Anthu onse anatembenukira kwa ine. A Eston anakonza tayi, n'kumwetulira kumwetulira kwawo kwa pa guwa.

"Ba Ursula, mayi wathu, ndimwe muziba ulemu. Ba Useni bangaseluke pang'ono chabe, munipeleke..."

Tsono ine "ayi" ndili naye wambiri. Ndakhala ndikumusunga zaka zonsezi, wina pamwamba pa mnzake.

"Ayi, a Eston," ndinatero mokoma, ndikupinda maondo mwaulemu. "Mpando wadzaza. Pempherani pompano, Mulungu amamva ndi pa Naas Road pomwe."

Kenako a Clotilda anaphulika ndi phwete, kuseka mpaka kutsamira galimoto ya eni, Aoife n'kuthamanga ndi kansalu kukapukuta.

"Pempelani, ba tata," anauza amuna awo, akupukuta misozi. "Mukasiliza tiyende ku basi, bondo ichiteko exercise."

A Eston, kunena zoona, ndi munthu wabwino. Anaseka nawo, anaika dzanja pa boneti n'kupemphera pemphero lalifupi kuposa onse amene ndinawamvapo. Titati ameni, gulu lonse linatembenukira kwa Watipaso ndi makiyi a seven-seater. Mwana wanga anandiyang'ana ndi maso opempha chithandizo. Ndinangomubayibitsa. Magazi a bambo ake, aphunzire yekha.

Ogulitsa aja anatsegula chitseko chachikulu chagalasi. Ndinaliza injini, inabangula mpaka ndinaimva m'mano. Ndinatuluka pang'onopang'ono ngati ndanyamula mazira, azimayi akuthamangira m'mbali ndi nthungululu mpaka pageti.

Titaima pa maloboti oyamba, ndinafunsa. "Bwanji simunandiuze? Galimoto iyi munailota ndinu, kuyambira pawindo la ku hostel."

"Mayi a Wati, ine ndimadzidziwa," anatero. "Ndikanakhala pa chiwongolero, mpando uno ndikanaupereka lero lomwe, inu mukuona. Pakamwa panga sipatha kukana. Ndiye ndinati ndingokhalapo ndekha, munthu asapeze pokhala."

Ndinatembenuka kuwayang'ana. Osati nkhongo, nkhope. Ndevu zawo zinali ndi imvi zimene sindinadziwe kuti zinabwera liti, ndipo pafupi ndi diso panali timakwinya ta munthu woseka kwambiri. Ndinavula magalasi kuti ndione bwino, misozi n'kutsika osandipempha. Ndinkawakonda bambo amenewa, ndipo ndinali nditawasowa kwambiri, tikugona nyumba imodzi.

Wakumbuyo analiza hutala, maloboti anali atasintha kalekale. Ndinaponda mafuta mopitirira, kagalimoto kanadumpha, a Useni anagwira chitseko ndi manja awiri n'kufuula, "Mayo! Pang'onopang'ono, adalaivala!" Tinaseka ngati ana mpaka tinalowa msewu wopita kumapiri.

Foni yawo inalira. Anaitulutsa, ndinaona dzina: Luckson, mnyamata wa kwaya amene amakhala ndi katundu wonyamula sabata iliyonse. A Useni anandiyang'ana, n'kuyankha.

"Eee, achimwene. Ku airport? Madzulo ano?" Anamvetsera pang'ono, dzanja lawo likufunafuna langa pa giya. "Pepani kwambiri, achimwene. Ndili kutali, ndipo ndakwera ya eni."