Kabotolo ka Pamtima

Moni okondedwa mwa Ambuye. Tiyamike Mulungu amene watisunga, ndipo mumve za mlongo wathu Naphiri.

Naphiri ankasita malaya a mwamuna wake, a Lawford, pakhonde la nyumba yawo ku Area 3, pamene simbi inakodwa pa kathumba kosokedwa mkati, mbali ya kumtima. Anasoka okha bambowo, ndi ulusi wofiira. Masiku amenewo maofesi a boma anali akusamukabe kuchoka ku Zomba, ndipo labotale ya zaulimi imene a Lawford ankagwirako inasamuka nawo. Chifikireni ku Lilongwe, sankasiyana ndi kabotolo kotalika ngati chala, ka madzi otuwa, kamene ankakasunga m'kathumbamo. Ankadya nako, kugona nako, kulowa nako ndi m'tchalitchi momwe.

"Abambo ake a Sophie, kodi kameneka n'kachiyani kwenikweni?"

"Ndinakuuza kale, Naphiri. Ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, tosadwalitsa munthu. A Dokotala Ursula anabwera nato kuchokera kunja. Timalowetsamo kachidutswa ka chibadwa cha mtedza, ndiye tikamaswana timachulukitsa kachidutswako kuti tikaunike. Koma timaswana pofunda ngati thupi la munthu, ndipo makina otenthetsa adakali ku Zomba, akudikira lole."

"Ndiye mwasanduka thadzi lofungatira mazira a mkazi wina?"

A Lawford anaseka, nasisita pachifuwa. Kusisita kumeneko ndi kumene kunamulasa Naphiri. Iye anali atawaberekera ana, koma dzanja lija linali lisanamusisite choncho chisamukireni.

Ku Msika wa Lilongwe anafotokozera Enifa, mnzake wa Chigwirizano, wogulitsa nsalu. Enifa anasiya kupinda chitenje.

"Tizilombo tosadwalitsa? Mayi, munaionapo njoka yopanda mano? Kameneko ndi kondaine! Anzathu ophunzirawa sathira mu ndiwo ayi, amaika m'botolo la chizungu. Bwanji osakaika m'thumba la thalauzi? Pamtima penipeni!"

"Koma ndi akulu a mpingo."

"Akulu a mpingo alibe nthiti? Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo wovumbwa akhala inu."

Malembo sananame ponena kuti nsanje imaoletsa mafupa. Loweruka a Lawford akusamba, anasiya kabotolo mu sokosi pa mpando. Naphiri anakatenga, napemphera mwachidule kuti ntchito za mdima zigonje, nakaponya m'ketulo yowira pambaula. Anaimbako ndi nyimbo ya chipambano.

A Lawford atatuluka anayang'ana m'ketulomo nthawi yaitali. Sanakalipe. Anakhala pansi ndi thaulo m'khosi.

"Wapha ntchito yathu yonse, amake Sophie."

"Ndapha kondaine."

"Chabwino. Mbewu yake yotsala ili mufiriji kwa a Dokotala ku Area 43. Akamva izi sadzalolanso kuti tizilomboti tilowe m'nyumba muno. Kuyambira Lolemba ndizikatandala kwawo ndi kabotolo katsopano, mpaka lole idzabwere."

"Lole ibwera liti?"

"Funsa a ku Zomba."

Ndi manja ake omwe, Naphiri anali atalambula msewu wopita kumene ankaopako. Mawa lake m'tchalitchi sanamve ulaliki. Ankangoona mwamuna wake atakhala pa sofa ya eni, akumwa tiyi wa eni.

Lolemba m'mamawa, a Lawford asananyamuke, anavala chitenje chake chatsopano, nakwera basi, kenako nayenda wapansi pamodzi ndi alonda ndi anyamata a m'maluwa olowera ku Area 43. M'njira ankapempha Mulungu kuti Dokotalayo akhale gogo wa imvi. Pemphero limenelo silinayankhidwe. Anatsegula chitseko mayi wa khungu losalala, wonunkhira ngati sitolo ya ku City Centre.

"Ndine mkazi wa a Lawford," anatero Naphiri, akutsindika mawu oti mkazi. "Kabotolo kanu ndinakaphika ndine."

"Munakaphika? Ndiye kanakoma?" Dokotala Ursula anaseka mpaka kugwira chitseko. Kenako anapisa dzanja m'bulauzi, natulutsa kabotolo kena. "Amuna anu anangondiuza kuti kafa, ndiye ndayambitsa kena dzulo. Kandisowetsa tulo, mayi, ndimaopa kukagonera. Ndikudikira amuna anu adzakatenge."

Naphiri anayang'ana kumene kabotoloko kanachokera, naganiza za kumene kankapita. Anatambasula manja onse awiri.

"Thupi langa nalonso n'lofunda, Adokotala. Ndafungatira ana atatu, palibe anazizidwa. Ngati kayenera kugona pachifuwa, kagone pa changa. A Lawford akakafuna azipempha kwa ine."

"Simudzakaphikanso?"

"Ndikulonjeza pamaso pa Mulungu."

Dokotala anamuyang'anitsitsa, namupatsa. "Musatsegule, ndipo muzikagwedeza pang'ono."

Atatuluka pageti, Naphiri anakanunkhiza. Kanali ndi fungo la mafuta a mayi uja. Anapempha madzi kwa mlonda, nakatsuka kunja kwake bwinobwino, nakapukuta ndi chitenje, kenako nakalowetsa mu kamisolo, mbali ya kumtima. Kathumba ka ulusi wofiira anakasomola tsiku lomwelo.

Ambuye akudalitseni inu owerenga, afunditse nyumba zanu ndi mtendere wake, ndipo ketulo zanu ziziwira tiyi yekha. Amen.