Kalasi ya Loweruka ya a Rowland

A Yakobo anali atakulunga kale kompyuta m'chitenje pamene Hana analowa pabalaza.

"Amalume, mukupita nayo kuti?"

"Ku Chowe, ndikaibise. Ayufi achipani afunsa kawiri konse kuti makinawa amalankhula ndi ndani kunja. Bambo ako tawaika dzana. Ukufuna tiikenso wina?"

Hana anayang'ana chitenjecho. Makinawo bambo ake, a Rowland, anawalandira kwa wansembe wina amene ankabwerera kwawo, ndipo kwa zaka ziwiri, Loweruka lililonse, ankaphunzitsira anthu kupeka nyimbo, osalipiritsa. Hana ankangoti nkutaya nthawi.

Panja panamveka odi. Hana anali ataiwala kuti linali Loweruka. Analowa ophunzira anayi, patsogolo a Atumani, msodzi wachikulire amene maso ake anachita khungu.

"Pepani ndi zovutazi," anatero mkuluyo. "Tabwera kudzathokoza. Koma tipempheko chimodzi: timve nyimbo imene tinasiyira panjira."

A Yakobo anasuzumira kumsewu, kenaka anamasula mfundo. "Mwachangu. Ndipo motsitsa."

Hana analumikiza mawaya monga ankaonera bambo ake akuchitira. Mmodzi mwa ophunzirawo, dzina lake Awa, wogulitsa usipa pamsika wa Mangochi, analowetsa disiki. Munatuluka kamawu kowonda ngati ka chitoliro, nyimbo yachiyao yokokera khoka. Hana anaizindikira: bambo ake ankaing'ung'udza posamba. Itafika pakati, inaduka.

"Apa mpamene a Rowland anadwalira," anatero Awa. "Ankati womaliza ndi a Atumani, poti nyimboyi njawo."

"Iwowa? Osaona chonchi?" anafunsa a Yakobo.

A Atumani anaseka. "Achimwene, ndipatseni dzanja."

Anagwira chala cha a Yakobo nachiyendetsa pa mabatani. Pa batani lina panali pomatidwa njere imodzi ya mpunga, pa lina ziwiri, pa lina zitatu.

"Do, re, mi. Tsiku lina ndinawauza kuti ndasiya, zimenezi nza anthu openya. Sanatsutse. Mawa lake anandilondola kudooko panjinga, nkuti akutsokomola kale, nandiuza kuti, 'Makina aja aphunzira kukuonani.'"

Hana anakumbukira mmene anafunira kupala njerezo poyesa litsiro, bambo ake nkumugwira mkono osanena chifukwa. Misozi inalengeza.

A Yakobo anakhalabe chigwirire pa njere zija. Kenaka anakoka mpando.

"Khalani apa, a Atumani. Malizani."