Masheya a Fauziya

Fauziya atatsika minibasi ku Liwonde, mitambo inali itada kale mbali ya ku Utale. Mvula inali pafupi, koma feteleza analibe. Chaka chonse, mwezi ukatha, ankatapa pa phindu la geni yake ya chimanga ku Ulongwe n'kutumiza pafoni kukampani ya a Hudson. Iwo ankati ndalamazo amagulira anthu masheya, ndipo phindu lake silidulidwa msonkho.

Pa ofesipo anapeza chikwangwani atachizula, chili chotsamira khoma. M'kati munangotsala tebulo limodzi, a Hudson ali kalikiliki kumanga makatoni.

"Mayi Fauziya! Mwabwera nayo pamanja ya mwezi uno?"

"Iyayi, ndadzatenga zanga. Ndikufuna matumba awiri a feteleza."

A Hudson anaseka, koma maso ali kukhomo. Anadinadina foni yawo, kenako anatchula ndalama yosakwana ngakhale thumba limodzi.

"Zinazo zapita kuti?" anafunsa Fauziya. "Si munkati palibe msonkho?"

"Msonkho palibedi, mayi. Koma mukatumiza, wogula masheyayo amadulapo yake. Pali yosungira akaunti mwezi ndi mwezi. Ndiye mukatapa zaka zisanu zisanakwane, pali chindapusa."

"Zimenezo simunanene tsiku munabwera kumsika kwathu."

"Simunafunse."

Tsiku limenelo ndi Fauziya amene anaimirira pamaso pa amayi anzake n'kunena kuti bamboyu ngokhulupirika. Ambiri analembetsa chifukwa cha mawu ake.

"Chabwino, ndipatseni zomwezo."

"Sizituluka lero. Zimachokera ku Blantyre, mubwere mwezi wamawa."

"Nanga makatoniwa?"

"Tikufuna kupenta."

Fauziya anamwazamwaza maso. Munalibe chitini cha penti ngakhale bulashi. Panja panaima galimoto osazimitsa injini, dalaivala n'kuliza hutala.

A Hudson anatsitsa mawu. "Musasiye kutumiza, mayi. Mukadumphitsa mwezi, akaunti imadzidya yokha. Ndipo anzanu aja musakawaopseze. Onse akafuna kutapa nthawi imodzi, ngakhale inu simudzaona kanthu."

Fauziya anatuluka osatsanzika. Pa depoti mphepo inkaulutsa majumbo ndi fumbi, ogulitsa nsomba akuvundikira malichero awo. Anaima pamenepo foni ili m'manja. Akanangokhala chete, mwina zake zochepazo zikanadzatuluka. Koma Anastasia, mnzake wogulitsa tomato, dzulo lomwelo ankanena zogulitsa mbuzi kuti awonjezere masheya.

Anamuimbira.

"Anastasia, mbuzi ija mwagulitsa?"

"Wogula ali pompano, akuimanga miyendo. Kwagwanji, asisi?"

"Imasuleni. Ndipo muwauze amayi onse aja asachoke pamsika. Ndili ndi mawu."

Anastasia anafunsa, "Mawu abwino?"

Kumbuyo kwa Fauziya, galimoto ija inadutsa itadzaza makatoni, n'kukhotera msewu wa ku Zomba.

"Andidikire basi," anatero Fauziya, n'kukwera minibasi.