Deki la Buluu ndi Deki Lotuwa

Titamaliza mayeso anzanga anamwazikana. Ena anakalowa m'mashopu a makolo awo, ena anayamba kugona mpaka dzuwa kuswa mtengo. Ine ndinkangozungulira mumsewu umodzi, wa nyumba yansanjika imene pansi pake pali shopu ya fotokope, pamwamba pake chipinda chophunzitsira kuvina. Loweruka masana mtsikana wa pa fotokope ankatseka shopu, n'kusinthira nsapato pakhomo pomwepo, kuvala zofiira, n'kukwera masitepe. Dzina lake sindinkalidziwa.

M'chipinda chapamwambacho munkalowa ovina ndi woika nyimbo basi. Kuvina sinditha, miyendo yanga imamva mochedwa. Koma kusakaniza nyimbo ndinaphunzira kwa mnzanga wina kusukulu, pa zida za bambo ake. Ndiye nditamva kuti woika nyimbo wa pamwambapo wachoka n'kunyamula madeki ake, ndinakwera masitepe aja tsiku lomwelo.

Eni ake a sukulu yovinayo aliyense amangowatchula kuti Madamu. Ndi mayi aafupi, owongoka msana ngati rula. Anati mikisa yosakanizira nyimbo ndi masipika zilipo, koma madeki, timakina tiwiri toimbira masidi, ndibwere nato ndekha. Anati amafuna zinthu ziwiri. Nyimbo izitha kuchedwetsedwa chifukwa cha ongoyamba kumene, ndipo pakati pa nyimbo ndi inzake pasamakhale zii, poti anthu akangomva zii amasiyana manja n'kuyamba kuyang'ana mafoni.

"Loweruka ubwere ndidzakumve," anatero. "Ukandisangalatsa, ngodya iyo ndi yako."

Pangodyapo panali tebulo loyang'ana chipinda chonse ndi galasi lalikulu la pakhoma. Munthu wokhala pamenepo amaona wovina aliyense kawiri, weniweni ndi wa m'galasi. Nayenso amaoneka.

Achimwene amayendetsa galimoto yoperekera katundu m'masitolo. Anali atalonjeza kuti ndikamaliza sukulu adzandigulira chinthu, ndipo m'mutu mwawo munali suti. Nditawauza za madeki anaseka mpaka kutsokomola, koma Lachitatu pa nthawi ya chakudya chamasana ananditenga. Galimoto anaiimika mokhota, matayala awiri pamwamba pa njira ya oyenda pansi.

Shopu ya a Mawaya ndi yopapatiza, munthu umayenda cham'mbali. M'mashelefu muli mawailesi opanda zivindikiro, masipika ong'ambika, ndi fungo la mtovu wosungunula. A Mawaya ndi bambo oonda, amavala magalasi awiri, amodzi pamphuno ena pachipumi. Atamva kuti ndine woyamba kumene, anatulutsa mitundu iwiri, madeki awiri pa mtundu uliwonse, n'kuika pa kauntala. Mtengo anati ndi wofanana.

Mtundu woyamba unali wotuwa, wamakona, mabatani ake akuluakulu ngati a sikelo ya kuchipatala. Pambali pake panali kachogwirira koyenda mumzere wautali, kochedwetsera kapena kufulumizitsa nyimbo. Wachiwiri unali wakuda, wopyapyala, pakati pake pali gudumu lalikulu lozungulitsa ndi chala. A Mawaya atalumikiza magetsi, m'mphepete mwa gudumulo munayaka kuwala kwa buluu, n'kumazungulira pamodzi ndi nyimbo.

Ine ndinali nditasankha kale. Ndinkaona manja anga m'galasi la Madamu, buluu akuwala m'zala, ndiye wina wake akutembenuka pakati povina kuti aone kuti manjawo ndi a ndani.

Achimwene ananyamula lililonse kuliyeza kulemera, monga amachitira ndi makatoni. Anati lakudalo ndi chidole cha ana, lotuwalo ndiye katundu.

"Lotuwalo likuoneka ngati lopimira magazi, achimwene."

"Nanga iwe ukufuna kuimba nyimbo kapena kuunikira njira, Bwana Dijeyi?"

A Mawaya anafotokoza zambiri, osakweza mawu. Anati lotuwa limayamba lasunga nyimbo pang'ono m'mutu mwake lisanaitulutse, choncho ngakhale ligwedezeke silitaya malo. Anati la buluu limayamba msanga ukangokhudza batani, gudumu lake ndi lofewa, anyamata amalikonda, koma limafuna pokhala pabata. Anafunsa kuti ndikaimbira pati. Ndinati pa tebulo. Anagwedeza mutu n'kutsitsa magalasi a pachipumi.

Panja wina anayamba kuliza hutala. Foni ya achimwene inalira, abwana awo, ndipo anayankha kuti ali pa mzere wa magalimoto. Atadula anandiuza kuti ndisankhe pompano, apo ayi tibwerenso mwezi wamawa. Mwezi wamawa ngodya ija ikanakhala ya wina.

Ndinati titenge limodzi limodzi. Lotuwa la Madamu, lochedwetsera nyimbo, ndi la buluu langa.

A Mawaya anati madeki amagulidwa ngati nsapato, awiri ofanana, kuti dzanja lamanja ndi lamanzere zizichita chinthu chimodzi. Koma sanakakamire. Poika m'katoni ndinaona kuti la buluu linzake, limene linatsala pa kauntala, kathireyi kake kolowetsera sidi kanali komata ndi selotepi. Achimwene analipira, n'kunyamula katoni, n'kunditsogolera kugalimoto akung'ung'udza kuti suti sikanawavutitsa chonchi.

Masiku otsalawo ndinayeserera kunyumba, pa tebulo la makina osokera a amayi. Zimene ananena a Mawaya za manja zinali zoona. Kachogwirira ka lotuwa kamafuna ukakoke patali kuti nyimbo isinthe pang'ono, ka la buluu ukangokakhudza nyimbo yathamanga kale. Dzanja lamanzere linaphunzira kukhala laulesi, lamanja lamantha. Pofika Lachisanu ndinkatha kuchotsa nyimbo ina n'kulowetsa inzake popanda msoko. Amayi, akusita zovala, anafunsa ngati nyimbo imeneyi ilibe mathero. Ndinawathokoza.

Loweruka ndinafika anthu asanabwere. Ndinayala madeki pa tebulo la pangodya, mikisa pakati, masidi mu ndondomeko yake. Dzuwa linkalowa pa mawindo onse, ndipo kuwala kwa buluu kunkaoneka pokhapokha nditatchinga ndi dzanja. Ovina anayamba kufika awiriawiri: anamwino ochokera kuntchito, bambo wina wadazi ndi mkazi wake, anyamata awiri amanyazi. Wansapato zofiira anabwera kumapeto, akumanga tsitsi. Madamu anamupatsa bambo wamtali wokonza mano kuti avine naye.

Ndinayamba ndi lotuwa. Madamu anatsitsa dzanja pang'onopang'ono, ine n'kuchedwetsa nyimbo mpaka dzanjalo linaima. Anthu ankatsetsereka mofatsa pa matabwa, akuwerenga masitepe ndi milomo. Nyimboyo ikutha ndinalowetsa ya m'la buluu pansi pake, ziwirizo zinayendera limodzi kanthawi, kenako yoyambayo inazimirira. Palibe amene anasiya dzanja la mnzake. Madamu sanandiyang'ane, ndipo ndinadziwa kuti zili bwino. M'galasi nsapato zofiira zinadutsa pafupi ndi tebulo langa.

Kenako Madamu anaomba m'manja, nati tsopano sitepe yodumpha. Anthu onse ananyamuka pamodzi n'kutera pamodzi. Pansi pa chipindacho ndi pa matabwa okhaokha, ndipo kugundako kunakwera m'miyendo ya tebulo. La buluu linachita chibwibwi, linabwereza liwu limodzi, n'kudumphira pakati pa nyimbo. Bambo wadazi anaponda mkazi wake. Atadumphanso kachiwiri nyimbo inabwerera koyambirira.

Ndinabwezera msanga ku lotuwa, limene linapitiriza ngati palibe chimene chachitika. Koma deki limodzi silisakaniza. Nyimbo itatha panakhala zii, nthawi yotulutsa sidi ndi kulowetsa ina, ndipo mnyamata wina anapisa dzanja m'thumba kutulutsa foni.

Madamu anabwera pa tebulo osathamanga.

"Ndinanena ziwiri zokha, si choncho?"

"Ndi choncho, Madamu."

"Imodzi yasowa. Nyimbo iyi ikamatha ndikhale nditaipeza."

Ndinavula juzi n'kuipinda pansi pa la buluu. Linachitabe chibwibwi, mofewerapo. Ndinalinyamula m'manja, linaimba bwino, koma ndinalibe dzanja lina logwirira mikisa. Ndikuyang'anayang'ana ndinaona kuti kuseri kwanga, pansi pa windo, pali kashelefu ka simenti kotuluka m'khoma, kamene anthu anaikapo zikwama. Ndinaikapo chikhato anthu akudumpha. Sikankagwedezeka.

Ndinatsitsa zikwamazo, n'kuikapo la buluu. Mawaya olumikizira anali aafupi, choncho mikisa inatsatira, ndi lotuwa lomwe, ndikulinyamula lili mkati moimba. Zonse zinakwana mzere umodzi. Kuti ndizigwire ndinayenera kuima choyang'ana panja, chipinda chonse chili kumsana.

Nyimbo yotsatira inalowa bwinobwino. Anthu anadumpha, matabwa ananjenjemera pansi pa mapazi anga, gudumu linangozungulira mwakachetechete. Kuyambira pamenepo mpaka kumapeto sipanakhalenso zii.

Pawindopo pamaoneka madenga, thanki ya madzi, ndi bwalo limene munthu wina ankatsuka basi yaikulu ndi tsache lalitali. Anatsuka mbali imodzi, anazungulira, anatsuka inayo. Kumbuyo kwanga nsapato zinkagunda zambirimbiri, ndipo ndinayesa kusiyanitsa zofiira zija ndi zinzake, koma pa matabwa nsapato zonse zimalira mofanana. Nditayesa kucheuka kamodzi, chingwe cha mahedifoni chinandikoka khosi, nyimbo ya m'la buluu n'kutsogola pang'ono. Sindinacheukenso.

Phunziro litatha Madamu anauza anyamata awiri aja kuti atulutse tebulo la pangodya aliike m'khonde. Anati malo ovinira awonjezereka, ndipo akudabwa kuti sanaganize zimenezi kale.

"Loweruka lamawa ufike msanga. Malo ako ndi pawindo pomwepo."

Ndinafunsa ngati tebulo lingabwerere ndikapeza lotuwa lachiwiri. Anati zinthu zikayenda bwino iwo sazisuntha.

Ndinali ndikumvetsera sidi ina m'mahedifoni, kuona ngati sinakalike, pamene wina anaima kumbuyo kwanga kutenga chikwama pa mulu uja. Mawu ake ndinawamva ngati ochokera m'madzi.

"Achimwene a nyimbo, yachitatu ija mudzaiikenso."

Pomwe ndinkavula mahedifoni n'kumasula chingwe chimene chinakola batani la malaya, wansapato zofiira uja anali atafika kale pa masitepe, akulankhula ndi anamwino aja. Sindinadziwe kuti ankawerengera yachitatu kuyambira pati, kaya pachiyambi penipeni kaya nditasamukira pawindo. Ndinapatula masidi onse awiri n'kuwaika pamwamba pa anzake, kenako ndinazimitsa la buluu, ndinazimitsa lotuwa, n'kuyamba kukulunga mawaya.